Ndege zotchipa ndi ndege zopereka zonse: zimene ndaona paulendo wa pakati pa Cape Town ndi Johannesburg

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuyenda pandege pakati pa Cape Town, kumene ndimakhala ndi banja langa, ndi Johannesburg, kumene ntchito imandiitana kawirikawiri ndiponso kumene ambiri a ife timadzera tikamapita kumudzi ku Malawi. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 1,270 mumlengalenga ndipo umatenga maola awiri basi, pamene wapabasi pamsewu wa N1, womwe ndi wa makilomita ngati 1,400, umamudyera munthu usiku wonse ndi gawo lalikulu la tsiku. Abale ndi anzanga akamafuna kugula tikiti amandifunsa funso limodzi lomwelo, loti kodi agule yotchipa kapena awonjezere ndalama kuti akwere ndege ya kampani yopereka zonse. Ndakwera mitundu yonse iwiri kambirimbiri, makamaka FlySafair kumbali ya zotchipa ndi Airlink kumbali inayo, ndipo yankho limene ndinalipeza silidalira chakudya cha mundege monga momwe ambiri amaganizira. Limadalira kuchuluka kwa katundu amene mwanyamula, ndiponso ngati pali ndege ina imene ikukudikirani mukatera.

Pamsikawu panali makampani ambiri kuposa amene alipo lero, ndipo ndi bwino kukumbukira zimenezi chifukwa zimafotokoza mitengo imene tikuiona. Kampani ya 1time inagwa mu 2012. Mango, imene inali mwana wa South African Airways, inaleka kuuluka mu 2021, ndipo Kulula, yomwe inayamba mu 2001 n'kuphunzitsa anthu ambiri a ku South Africa kuti ndege si ya olemera okha, inatha mu 2022 pamodzi ndi Comair, kampani imene inkaiyendetsa. South African Airways nayo inalowa m'mavuto aakulu a zachuma mu December 2019 ndipo inadzayambanso kuuluka mu September 2021 ili ndi ndege zochepa kwambiri. M'malo amene anasiyidwawo munalowa FlySafair, imene inayamba kunyamula anthu mu October 2014 ndipo lero ndiyo imanyamula anthu ochuluka kuposa kampani ina iliyonse pa maulendo a m'dzikomo. Airlink, imene kwa zaka zambiri inkauluka m'dzina la South African Airways, inaima payokha mu 2020. Palinso LIFT, imene inabadwa mu December 2020, yomwe ili ngati yaima pakati pa magulu awiriwa.

Kutchipa kwa ndege zotchipa sikuchokera ku chifundo, ndiponso sikuchokera ku kunyalanyaza chitetezo monga momwe ena kwathu amaopera. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuzapo kuti sangakwere ndege yotchipa chifukwa mwina saikonza mokwanira, ndipo ndinayesetsa kumufotokozera kuti malamulo a kasamalidwe ka ndege ndi amodzi kwa makampani onse, ndipo bungwe la boma loyang'anira za ndege limawayendera onse mofanana. Ndalama zimapulumutsidwa kwina. Kampani yotchipa imagwiritsa ntchito mtundu umodzi wa ndege, monga FlySafair imene ili ndi Boeing 737 zokhazokha, kotero kuti oyendetsa, amakaniko ndi zipangizo zosinthira zonse ndi za mtundu umodzi. Imaika mipando yambiri, mpaka 189 mu Boeing 737-800 imodzi. Ndege ikatera siichedwetsa pansi, chifukwa ndege yoima pabwalo sibweretsa ndalama. Kenaka imachotsa pamtengo wa tikiti chilichonse chimene munthu angathe kuyenda popanda icho, n'kumachigulitsa pachokha kwa amene akuchifuna. Njira yoyendetsa ndege zotchipa inatchuka ndi Southwest Airlines ya ku America, imene inayamba kuuluka mu 1971, ndipo ku Ulaya inafalitsidwa ndi Ryanair ndi easyJet.

Nkhani yeniyeni imayambira pa zinthu zochotsedwazo. Tikiti yotsikitsitsa ya FlySafair, imene amaitcha Lite, imakulolani kulowa ndi chikwama cha m'manja cha makilogalamu 7. Ngati muli ndi sutikesi yopita kunsi kwa ndege, ya makilogalamu osapitirira 20, muyenera kuilipirira padera kapena kugula tikiti ya mtengo wokwererapo. Kusankha mpando nakonso kumalipiridwa, ndipo tiyi kapena sangweji mumagula muli mumlengalenga. Ku Airlink mtengo umene mwauona poyamba uja umakhala utaphatikiza kale sutikesi ya makilogalamu 20, kachakudya kopepuka ndi chakumwa. Choncho mitengo iwiri imene imaoneka pafoni mukamafufuza siyerekezeka mwachindunji, chifukwa wina ndi mtengo wa mpando wokha pamene winawo ndi mtengo wa ulendo wathunthu. Chimene ndinazolowera n'chakuti ndimapitiriza kudzaza zonse pa intaneti mpaka tsamba lomaliza, ndikuwonjezera sutikesi ndi mpando, ndisanayerekeze. Nthawi zambiri ndege yotchipa imakhalabe yotsikirapo mtengo, koma kusiyana kumene kunkaoneka kwakukulu poyamba kumachepa kwambiri, ndipo masiku ena, makamaka tsiku la ulendo likayandikira, ndapezapo kuti kusiyanako kwatheratu.

Pa maulendo anga a ntchito, pamene ndimanyamuka m'mamawa n'kubwerera mawa lake madzulo nditanyamula laputopu ndi malaya awiri, sindikayika n'komwe kuti FlySafair ndiyo imandipatsa zoyenerana ndi ndalama zanga. Imakhala ndi maulendo ambiri patsiku pakati pa mizinda iwiriyi, kotero kuti ndimapeza nthawi yogwirizana ndi msonkhano wanga, ndipo mbiri yake yosunga nthawi, imene mabungwe owerengera za kachedwedwe ka ndege aivomereza kangapo, ndaiona ndi maso anga. Ndege zake ndi zaukhondo, ogwira ntchito mundege ndi aulemu, ndipo kugula tikiti pafoni n'kosavuta ngakhale kwa munthu amene sanazolowere. Sindiona chifukwa cholipirira sutikesi imene sindinanyamule kapena chakudya chimene sindikuchifuna, ulendo wake uli wa maola awiri okha. Kwa wophunzira amene akupita kutchuthi, kapena kwa mnyamata amene akukafunsidwa mafunso a ntchito ku Sandton, dera la zamalonda la ku Johannesburg, ndalama zimene zatsala m'thumba ndi zenizeni ndipo zimakagwira ntchito ina.

Za mpando ndizo zimene anthu amakonda kukambirana, ndipo pamenepa ndinene mosabisa kuti mu Boeing 737 ya mipando 189 malo ndi ochepa. Mipando imakhala itatu mbali iyi ndi itatu mbali inayo, kotero kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala pakati, wopanda zenera ndiponso wopanda kanjira, mapewa ake akukhudzana ndi anthu awiri amene sakuwadziwa. Munthu wamtali amamva mabondo akugunda mpando wakutsogolo, ndipo ngati simunalipire kuti musankhe pokhala, kompyuta ingathe kukuikani kutali ndi mkazi wanu kapena mnzanu amene mukuyenda naye. Ndege zambiri za Airlink ndi za Embraer, zopangidwa ku Brazil, ndipo zazikuluzo zili ndi mipando iwiri mbali iliyonse, kutanthauza kuti mulibe mpando wapakati ngakhale umodzi. Kwa ine ichi n'chimene chimasiyanitsa kwambiri makampani awiriwa pa nkhani ya kukhala momasuka, kuposa sangweji kapena kapu ya khofi. Anthu akakhala ochepa, kukwera ndi kutsika kumafulumiranso, ndipo mpikisano wolimbirana malo oika zikwama pamwamba umachepa. Komabe ndege zing'onozing'ono za Embraer, zimene zimapita ku matauni ang'onoang'ono, zili ndi malo opanikizika oikamo zikwama, ndipo chikwama chimene chinalowa bwino mu Boeing mwina angakulandeni pakhomo n'kukakubwezerani mukatera.

Ndinamvetsa bwino kufunika kwa zimenezi pamene amayi anga anabwera kudzationa. Iwo ndi achikulire, miyendo imawavuta, ndipo aka kanali koyamba kukwera ndege. Ndinawagulira tikiti ya kampani yopereka zonse, ndipo chimene anachiyamikira atafika sichinali chakudya ayi. Anati palibe amene anawauza kuti atulutse ndalama ali m'njira, ndipo mtsikana wogwira ntchito mundege anawabweretsera madzi osawafunsa khadi la kubanki. Kwa munthu amene sadziwa bwino Chingelezi, amene alibe khadi logwira ntchito ku South Africa, ndiponso amene amachita manyazi kufunsa mtengo wa chinthu pagulu, ndege imene zonse zalipiridwa kale imamuchotsera nkhawa imene ife ozolowera sitiiganizira. Ndinene apa kuti chithandizo cha njinga ya olumala pabwalo la ndege chimapezeka ku makampani onse, otchipa ndi odula omwe, malinga ngati mwapempha pogula tikiti, ndipo aliyense amene akutumiza makolo ake asaiwale kupempha.

Koma nkhani yaikulu kwa ife ndi katundu. Mmalawi wa ku Joni kapena ku Cape Town sapita kumudzi chimanjamanja. Pamakhala zovala za ana a achemwali, nsapato za asukulu, mabulangete, mafoni, mankhwala a agogo, ndi timaphukusi ta anzathu amene anamva kuti tikupita ndipo sitikanatha kuwakana. Pobwerera pamakhala ufa, mpunga wa Kilombero, usipa wouma ndi tiyi wa ku Thyolo, malinga ndi zimene malamulo a pachipata amalola. Munthu wotere akagula tikiti ya chikwama cha m'manja chokha chifukwa chokopeka ndi mtengo, amakakumana ndi sikelo pakauntala, ndipo pamenepo mtengo wa sutikesi umakhala wokwera kuposa umene akanalipira pa intaneti, osanenanso za makilogalamu opitirira amene amalipiridwa paokha. Ndaonapo kangapo anthu atagwada pansi pabwalo la ndege, masutikesi ali chitsegukire, akusamutsa katundu kuchoka m'chikwama china kupita m'china pamaso pa mzere wonse, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ndimadziwa kuti ambiri mwa iwo sanauzidwe ndi aliyense. Ogwira ntchito pakauntala salakwa, chifukwa malamulowo analembedwa pa tikiti. Vuto n'lakuti amene anagula tikitiyo nthawi zambiri ndi mwana kapena mnzake wa wapaulendoyo, amene anangoona nambala yaing'ono n'kudina.

Palinso kusiyana kwa kuchuluka kwa katundu wololedwa pakati pa ulendo wa m'dziko ndi ulendo wotuluka kunja. Ndege yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ingathe kukulolani katundu wochuluka kuposa amene ndege ya m'dziko yochokera ku Cape Town ikulola, ndipo ngati matikiti awiriwo munagula padera, kampani iliyonse imatsata malamulo ake osalabadira za inzake. Mungathe kukhala ndi ufulu wonyamula masutikesi awiri kuchoka ku Johannesburg, koma kuti masutikesi awiriwo afike ku Johannesburg muyenera kuwalipirira.

Apa mpamene ndinaphunzira phunziro lowawa. Chaka china mwezi wa December ndinagula matikiti awiri osiyana, yotchipa yochoka ku Cape Town m'mamawa ndi ina ya kampani ina yochoka ku Johannesburg kupita kwathu, ndipo pakati pake ndinasiya maola awiri ndi theka, amene ndinkaona ngati okwanira. Ndege yoyamba inachedwa kunyamuka chifukwa cha vuto limene anatiuza kuti linali laling'ono. Titatera ndinayenera kudikira sutikesi yanga palamba, kuikoka kuchoka kumbali ya maulendo a m'dziko kupita kumbali ya maulendo akunja, n'kukaima pamzere wina kuti ndiiperekenso, ndipo pofika pakauntala anali atatseka kale. Kampani yoyamba inati udindo wake unali kundifikitsa ku Johannesburg ndipo yandifikitsa. Kampani yachiwiri inati sindinabwere pa nthawi yake. Onse awiri ankanena zoona malinga ndi mapangano amene ndinavomereza pogula. Ndinagona ku hotela pafupi ndi bwalo la ndege ndi ndalama zanga, ndinalipira kuti andisinthire tikiti, ndipo zonse pamodzi zinaposa kutali ndalama zimene ndinkaganiza kuti ndapulumutsa. Chimene chinandipweteka koposa chinali chakuti kumudzi anali atabwereka galimoto kudzandichingamira, ndipo anabwerera opanda ine.

Tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse imasintha zonsezi. Mukagula ulendo wochoka ku Cape Town mpaka ku Malawi pa tikiti imodzi, katundu wanu amalembedwa kuti akafike kumapeto kwa ulendo, ndipo ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampaniyo ndiyo imakhala ndi udindo wokuikani pa ndege ina popanda kukulipiritsaninso. Airlink, imene inayamba kutera ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu 2023, imatha kugulitsa ulendo wotere wonse pandege zake zokha, ndipo ilinso ndi mapangano ndi makampani ambiri akunja. South African Airways, imene ili m'gulu la Star Alliance kuyambira 2006, imalumikizanso maulendo ake ndi a makampani anzake a m'gululo, monga Ethiopian Airlines. Malawi Airlines, imene boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pamene Ethiopian Airlines ili ndi 49, imauluka pakati pa Malawi ndi Johannesburg, ndipo amene akufuna kuikwera kuchokera ku mizinda ina ya ku South Africa achite bwino kufunsa ogulitsa matikiti ngati ulendo wonse ungalembedwe pamodzi. Ngakhale FlySafair ili ndi mapangano ndi makampani ena akunja, kotero kuti funso lofunika kufunsa si dzina la kampani lokha, koma ngati ulendo wanu wonse uli pa tikiti imodzi kapena ayi. Mtengo wowonjezera umene mumalipira pa tikiti yotere uli ngati inshuwalansi, ndipo phindu lake simuliona kufikira tsiku limene zinthu zasokonekera.

Chenjezo lina limene ndimapereka kwa aliyense ndi la mabwalo a ndege. Johannesburg ili ndi mabwalo awiri amene ndege zochokera ku Cape Town zimatera, la OR Tambo ku Kempton Park ndi la Lanseria kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, ndipo pakati pake pali mtunda wa makilomita opitirira 50 m'misewu imene imadzaza kwambiri m'mawa ndi madzulo. Lanseria ndi bwalo laling'ono, losapanikiza, ndipo ndimalikonda ndikakhala ndi zochita ku Randburg kapena ku Fourways. Koma ndege zopita ku Malawi zimanyamukira ku OR Tambo, ndiponso sitima ya Gautrain, imene imakufikitsani ku Sandton m'mphindi ngati 15, imachokera ku OR Tambo komweko. Tikiti yotchipa yotera ku Lanseria ingathe kukudyerani pa takisi ndalama zonse zimene munapulumutsa. Abale athu a ku Britain amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa kumeneko ndege zotchipa zimakonda mabwalo a Stansted ndi Luton, ndipo bwalo la Beauvais limene Ryanair imaligulitsa m'dzina la Paris lili pa mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo.

Pa nkhani ya kusintha tsiku la ulendo, makampani onse ali ndi matikiti okhwima ndi matikiti ofewa, ndipo otsikitsitsa mtengo ndiwo amakhala okhwima kulikonse. Chimene ndaona n'chakuti pa tikiti yotchipitsitsa, chindapusa chosinthira pamodzi ndi kusiyana kwa mtengo wa tsiku latsopanolo nthawi zina zimafika pafupi ndi mtengo wa tikiti ina yatsopano. Izi zimatikhudza kwambiri ife amene maulendo athu ambiri sitimawakonzekera. Uthenga wa maliro ukafika usiku, palibe nthawi yodikira kuti mitengo itsike, ndipo tsiku lobwerera silidziwika bwino mpaka mwambo wonse utatha ndi akuluakulu atakambirana. Pa ulendo wotere kutchipa kwa ndege zotchipa kumasowa, chifukwa mipando yotsala ya tsiku lomwelo imagulitsidwa pamtengo wapamwamba ku makampani onse, ndipo ndi nzeru kulipira tikiti imene ingasinthidwe. Kutchipa kwenikweni kumapezeka ndi munthu amene wagula milungu ingapo tsiku lisanafike, amene angathe kuyenda Lachiwiri kapena Lachitatu m'malo mwa Lachisanu madzulo, ndiponso amene akupewa masiku a Khirisimasi ndi Pasaka.

Sindikufuna kuti mawu angawa amveke ngati ndikupeputsa ndege zotchipa, chifukwa ndikudziwa zimene zachita kwa anthu a msinkhu wathu wa zachuma. Ndikudziwa amayi ogwira ntchito za m'nyumba ndi abambo ogwira ntchito m'minda ya mpesa ya ku Stellenbosch amene kale ankathera usiku wonse m'basi kuti akakwere basi ina ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, amene lero amatha kufika ku Johannesburg m'maola awiri ngati agula tikiti nthawi ikadalipo. Ndikudziwanso kuti mpikisano umene kampani yotchipa imabweretsa umakakamiza makampani enawo kutsitsa mitengo yawo, ndipo tinaziona m'miyezi yotsatira kugwa kwa Comair mu 2022, pamene mipando inachepa ndipo matikiti anakwera mtengo kwa aliyense. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti mpikisano woterewu sunafike mokwanira pa maulendo a pakati pa South Africa ndi Malawi, kumene ulendo wa maola awiri ndi theka okha umadula kwambiri kuposa wa ku Cape Town umene utali wake suli wosiyana kwenikweni. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro, m'dziko la Côte d'Ivoire, mu 1999 kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo African Union inakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a pandege mu 2018, koma wapaulendo wamba wa ku Mangochi kapena ku Mzimba sanayambe kumva phindu lake m'thumba, n'chifukwa chake ambiri akupitirizabe kudzera ku Beitbridge ndi ku Mwanza pabasi kwa masiku awiri.

Pakati pa makampani awiriwa, FlySafair ndimaipatsa ulemu wonse pa ulendo waufupi wa munthu mmodzi, wopepukidwa, wopita mzinda umodzi n'kubwerera, ndipo ndimailimbikitsa kwa aliyense amene angathe kuwerenga bwino zimene tikiti yake ikuphatikiza asanalipire. Airlink ndimaisankha ndikakhala ndi sutikesi, ndikamayenda ndi ana kapena makolo, ndiponso nthawi iliyonse imene ndege ina ikundidikira ku OR Tambo. Ulendo wanga wa ntchito wa mwezi wamawa ndagula kale pa tikiti ya Lite, ndipo chikwama changa ndachiyesa pasikelo ya kunyumba kuti chisapitirire makilogalamu 7. Wa December, umene tikupita banja lonse ku Blantyre ndi masutikesi anayi, ndaugula pa tikiti imodzi kuchokera ku Cape Town mpaka ku Chileka, ndipo achimwene ndawauza kale tsiku ndi nthawi yoti adzatichingamire.